Chinenero n'chimodzi koma mudzi ndi wa eni: moyo wa anthu a ku America okwatira ku Britain

Munthu wa ku America akamanga banja ndi munthu wa ku Britain n'kusamukira kwawo kwa mnzakeyo, anthu ambiri saona ngati wapita kutali. Chinenero ndi chomwecho, nyimbo ndi mafilimu ambiri ndi omwewo, ndipo ndege yonyamuka ku New York imatera ku London patangotha maola asanu ndi awiri. Ngakhale boma la Britain silimulembetsa mayeso a Chingerezi monga limachitira ndi wochokera ku Malawi, ku Japan kapena ku Brazil. Koma vuto lake lagona pomwepa. Wochokera ku Japan amadziwiratu kuti akupita kwa eni, amamanga mtima, ndipo akaphonya mwambo apongozi amamumvetsa. Wa ku America amafika akudziona ngati wodziwa kale zonse, eni mudzi nawo n'kumaganiza chimodzimodzi. Ndiye akalakwitsa palibe amene amati "musiyeni ndi mlendo". Amangomuona ngati waphokoso, wodzitama kapena wosaleredwa bwino.

Kwathu kuno timadziwa kulemera kwa chitengwa ndi chikamwini. Amene wasiya kwawo n'kukakhala kwa mnzake ndi amene amasenza katundu wa kuzolowera, pamene mwini mudzi sazindikira n'komwe kuti pali china chofunika kufotokoza. Kalembera wa mu 2021 anapeza anthu pafupifupi 200,000 obadwira ku United States akukhala ku England ndi ku Wales. Ena anapita ndi ntchito, ena ndi sukulu, koma gulu lalikulu ndithu ndi la atengwa ndi akamwini oterewa.

Maukwati amenewa ndi akale. Kuyambira cha m'ma 1870 tirigu wotchipa wochokera ku America anagwetsa mitengo ya mbewu ku Britain, ndipo mabanja a mafumu eni minda, omwe ankadalira lendi ya alimi, anayamba kulephera kusamala nyumba zawo zikuluzikulu. Nthawi yomweyo ku New York kunali mabanja omwe analemera ndi njanji ndi malonda koma ankasowa dzina. Awa anali ndi ndalama, awo anali ndi ulemu, ndipo ukwati unalumikiza ziwirizi. Jennie Jerome wa ku Brooklyn anakwatiwa ndi Lord Randolph Churchill mu 1874 ndipo anabereka Winston Churchill, yemwe anadzakhala nduna yaikulu ya Britain. Consuelo Vanderbilt anakwatiwa ndi Duke wa ku Marlborough, mmodzi wa mafumu eni minda aja, mu 1895 mokakamizidwa ndi mayi ake, chuma cha kwawo chinathandiza kukonza nyumba ya Blenheim, koma banjalo silinakome ndipo linatha. Mu Disembala 1936 Mfumu Edward VIII anatula ufumu pansi kuti akwatire Wallis Simpson wa ku Baltimore. Mu Meyi 2018, Meghan Markle anakwatiwa ndi Prince Harry, ndipo pambuyo pake anafotokoza poyera kuti anachita kuphunzira yekha nyimbo ya fuko pa intaneti, komanso kuti chizolowezi chake chokumbatira anthu chinkadabwitsa eni dziko. Nkhani yake ili ndi zina zolemera, za khungu ndi za manyuzipepala, zomwe sizikhudza aliyense. Koma mbali yakuti palibe amene anamukhazika pansi n'kumuuza zoyenera kuchita, anthu wamba ambiri amaidziwa bwino.

Tisanafike kukhitchini, tiyambe ndi chipata, chifukwa mmene munthu walowera m'dziko zimakhudza mmene angakhalire momasuka m'nyumba. Visa ya mwamuna kapena mkazi wa nzika ya Britain si yapafupi. Kuyambira mu Julayi 2012 lamulo linkafuna kuti banja lisonyeze kuti limapeza mapaundi 18,600 pachaka, ndipo mu Epulo 2024 ndalamayo inakwera kufika pa mapaundi 29,000. Pofunsira koyamba ali kunja, malipiro a wa ku America uja nthawi zambiri sawerengedwa, amaona a mwini dziko. Pa malamulo a 2024 omwewo, amene alibe ntchito yotero amayenera kukhala ndi mapaundi 88,500 osungidwa ku banki. N'chifukwa chake mabanja ena amakhala miyezi ingapo wina ku Ohio wina ku Leeds, kudikira kuti mapepala a malipiro akwane. Pamwamba pa ndalama ya visa pali ina ya chipatala, mapaundi 1,035 pachaka kuyambira mu 2024, yolipiriratu. Visa yoyamba ndi ya miyezi 33, yachiwiri ya miyezi 30, ndipo pakatha zaka zisanu ndi pamene munthu angapemphe kukhazikika. Malamulo omwewa amakhudzanso Amalawi okwatirana ndi nzika za kumeneko. Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi chakuti m'zaka zisanuzi chilolezo chokhalira m'dziko chimadalira kuti banja likhalepo. Munthu wotere akamadandaula za nsomba ndi tchipisi, nthawi zina kumakhala kuti ndi chokhacho chomwe angadandaule mosaopa.

Pa zakudya, wa ku America amabwera atamva kale mbiri yoipa, yakuti chakudya cha ku Britain n'chozizira, chophikidwa mpaka kufa. Mbiriyi ili ndi gwero lake. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a America oposa miliyoni imodzi anakhala ku Britain nthawi yomwe nyama, shuga, batala ndi mazira zinkagawidwa ndi makuponi. Kugawa kumeneku kunayamba mu 1940 ndipo kunatha mu 1954, patapita zaka zisanu ndi zinayi nkhondo itatha. Asilikaliwo anabwerera kwawo ndi nkhani za kabichi wowiritsa, ena atatenganso akazi, pakuti atsikana a ku Britain pafupifupi 70,000 anawoloka nyanja kutsatira amuna awo. Nkhani za kabichizo zinakhala moyo nthawi yaitali kuposa makuponiwo.

Amene wafika lero amapeza zina. Chakudya chomwe mabanja ambiri amaitanitsa Lachisanu madzulo ndi cha Chimwenye, chophikidwa m'malesitilanti omwe ambiri mwa iwo anayambitsidwa ndi anthu ochokera ku Sylhet m'dziko la Bangladesh. Mu 2001 nduna yoona za kunja, Robin Cook, inanena poyera kuti chicken tikka masala, nkhuku ya msuzi yophikidwa Chimwenye, ndi chakudya chenicheni cha fuko la Britain. Buledi wa m'sitolo sakhala ndi shuga wambiri ngati wa kwawo, tchizi ndi wabwino pamtengo wofikirika, ndipo chokoleti ambiri amavomereza msanga kuti nchokoma. Nkhomaliro ya Lamlungu, nyama yowotcha mu uvuni, mbatatesi, ndiwo zamasamba, Yorkshire pudding ndi msuzi wothira pamwamba pa zonsezo, ndi imene imagonjetsa mitima ya ambiri, mwina chifukwa imadyedwa banja lonse lili pamodzi. Chomwe amapukwa nacho kwambiri ndi chakudya cha ku Mexico, chomwe kwawo chili pakona iliyonse pamene ku Britain n'chosowa kunja kwa mizinda ikuluikulu.

Zododometsa zenizeni ndi zazing'ono. Amalowa m'sitolo kufuna mazira, amazungulira mafiriji onse osawapeza, kenaka n'kuwaona ali pashelefu pafupi ndi ufa. Mtima umamuuza kuti adwala nawo. Chifukwa chake ndi chakuti ku America mazira amatsukidwa kufakitale, zomwe zimachotsa kachikuto kopyapyala kamene kamatchinga tizilombo, choncho ayenera kukhala pozizira. Ku Britain satsuka, koma amabaya nkhuku katemera wa salmonella, ndondomeko yomwe inakhazikika mu 1998 ndi chidindo cha mkango wofiira pa dzira lililonse. Amatenga switi yofiirira akuyembekezera kukoma kwa mphesa, n'kumva kukoma kwina komwe lilime lake silikudziwa. Imeneyo ndi blackcurrant, kachipatso komwe boma la America linaletsa kulima mu 1911 chifukwa kankafalitsa matenda a mitengo ya paini, moti mibadwo ingapo inakula osakalawa, pamene ana a ku Britain amakula akumwa Ribena, chakumwa chopangidwa ndi kachipatsoka. Haggis, chakudya cha ku Scotland chopangidwa ndi zam'kati za nkhosa, nayenso ndi wachilendo chifukwa muli mapapo a nkhosa, omwe America inaletsa kugulitsa ngati chakudya mu 1971. Nyemba za m'chitini zothira pa buledi wowotcha zimamudabwitsa, ngakhale kuti kampani ya Heinz yomwe inazitchukitsa ndi ya ku Pittsburgh kwawo komweko. Ndipo pali Marmite, phala lakuda lamchere lopangidwa ndi zotsalira za yisiti wa mowa ku Burton upon Trent kuyambira mu 1902. Wa ku America amalipaka mokhuthala ngati chiponde, n'kulumbira kuti sadzalilawanso, pamene eni ake amangopaka pang'ono zedi pamwamba pa batala.

Kwa amene amakonda kuphika, kupweteka kumabwera pamene maphikidwe a agogo ake akana. Kwawo amayeza ndi makapu, ku Britain amayeza ndi sikelo m'magalamu. Uvuni wa kwawo umawerenga Fahrenheit, wa ku Britain Celsius. Ufa ndi wosiyana, batala sabwera m'tizidutswa toyezedwa kale, ndipo keke yomwe wakhala akuphika moyo wake wonse imatuluka yosafufuma pamaso pa apongozi. Ichi si chinthu chochepa kwa munthu amene amafuna kusonyeza banja latsopano chomwe iye amatha.

Koma palibe chimene chimayesa mlendo ngati tiyi. Tiyerekeze kuti ndi Loweruka masana, apongozi ndi alamu abwera kudzacheza. Asanakhale n'komwe, mwini nyumba ayenera kufunsa ngati ayike ketulo. Akafuna kumwa yekha osafunsa ena onse m'chipindamo, walakwa. Madzi ayenera kuwira kwenikweni, kathumba ka masamba kalowe m'kapu madzi asanathiridwe, kakhale mphindi zingapo, kenaka mkaka pang'ono. Aliyense ali ndi mamwedwe ake: apongozi aakazi mkaka wochepa wopanda shuga, apongozi aamuna wakuda bii ndi masupuni awiri, ndipo pakapita miyezi ingapo akuyembekezeka kukumbukira popanda kufunsa. Mmisiri wobwera kudzakonza mpope amapatsidwa tiyi. Wina akalandira uthenga wa maliro, choyamba ndi ketulo. Anthu amene savutika kunena zakukhosi amatha kunena ndi pakamwa kuti "ndili nawe", koma ambiri a ku Britain amanena zimenezi ndi kapu ya tiyi, ndipo mlendo amene waikana kawiri katatu sadziwa kuti wakana chiyani.

Wa ku America anakulira khofi, kapena tiyi wozizira wa shuga wambiri ngati ndi wa kumwera kwa dzikolo. Nyumba zambiri kwawo zilibe ketulo yamagetsi, ndipo chifukwa china ndi magetsi omwewo: kwawo ndi a 120 volts, ku Britain ndi a 230, kotero ketulo ya ku Britain imawiritsa madzi pafupifupi theka la nthawi. Ndiye iye amatenthetsa madzi mu microwave, chinthu chomwe eni dziko amachiona ngati kunyoza. Mu Januwale 2024 mphunzitsi wa sayansi pa koleji ya Bryn Mawr, Michelle Francl, analangiza kuti kamchere pang'ono kamachepetsa kuwawa kwa tiyi. Phokoso linakula m'manyuzipepala a ku Britain mpaka ofesi ya kazembe wa America ku London inatulutsa kalata yanthabwala yonena kuti mchere mu tiyi si mfundo ya boma lawo. Masamba omwe amakanganiranawa, ena mwa iwo amachokera m'minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, pakuti tiyi wa ku Malawi amasakanizidwa m'mapaketi ambiri ogulitsidwa ku Britain.

Ndikuona kuti TV ndiyo sukulu yeniyeni ya mlendoyu, ndipo imayamba ndi kalata yomudabwitsa. Nyumba iliyonse yoonera mapulogalamu pamene akuulutsidwa, pa siteshoni iliyonse, kapena yogwiritsa ntchito BBC iPlayer, njira yoonera mapulogalamu a BBC pa intaneti, iyenera kulipira laisensi ya TV, yomwe mu Epulo 2025 inali mapaundi 174.50 pachaka. Kusalipira ndi mlandu. Kwa munthu wochokera kudziko komwe wailesi zimadzilipirira ndi otsatsa malonda, zimenezi zimamveka ngati msonkho wopanda pake. Koma posakhalitsa amaona chomwe ndalamayo imagula: pa BBC, yomwe inayamba mu 1922, pulogalamu imayenda kuyambira poyamba mpaka pomaliza popanda malonda. Ngakhale pa ITV ndi Channel 4, zomwe zimatsatsa malonda, saona kutsatsa mankhwala olembedwa ndi dokotala, komwe kwawo kumadzaza madzulo onse. Nkhani nazo zimamveka mosiyana, chifukwa bungwe loyang'anira mawailesi la Ofcom limalamula kuti mawailesi asakondere mbali pa ndale, pamene ku America lamulo lofanana nalo linathetsedwa mu 1987. Chodabwitsa china chimabwera ikakwana 9 koloko usiku. Nthawi imeneyi ikadutsa, kutukwana ndi zina zosayenera ana zimaloledwa pa TV wamba, mwa mlingo womwe masiteshoni akuluakulu a ku America sangayerekeze.

Anthu ambiri a ku America anaidziwa Britain kudzera m'masewero a nyumba zachifumu ndi antchito ovala bwino, monga Downton Abbey yomwe inkaonetsedwa pa siteshoni ya ku America ya PBS. Zomwe mkazi wake kapena mwamuna wake amaonera pakhomo ndi zina. Coronation Street yakhala pa ITV kuyambira mu Disembala 1960, EastEnders pa BBC kuyambira mu 1985, ndipo onsewa ndi masewero a anthu wamba, ogulitsa pamsika, oyendetsa matakisi, okangana pamalo omwera mowa. Ochita sewero ali ndi nkhope ngati za anthu okumana nawo pa basi. Masewero oseketsa ndi aafupi. The Office ya ku Britain inali ndi zigawo 12 ndi zina ziwiri za pa Khirisimasi, basi n'kutha, pamene ya ku America yomwe inatengera pa iyo inafika zigawo 201. Kusiyana sikuli pa kutalika pokha. Mu sewero la ku America mwini nkhani amagwa kenaka n'kudzuka, ndipo owonera amamukonda. Mu la ku Britain mwini nkhani nthawi zambiri ndi wolephera amene saona kulephera kwake, ndipo anthu amaseka uku akumva manyazi m'malo mwake. Amene wamvetsa chifukwa chake eni dziko amaseka pamenepa wayamba kumvetsa apongozi ake.

Pulogalamu yomwe imagwirizanitsa mbali zonse ndi mpikisano wophika makeke wa The Great British Bake Off, womwe unayamba mu 2010. Wa ku America amazizwa kuti wopambana salandira ndalama, amangolandira mbale yagalasi yoikapo keke, ndipo opikisana amathandizana nthawi ikawathera. Palinso mapulogalamu a mafunso omwe mapointi ake alibe ntchito, cholinga n'kuseleulana basi, monga Have I Got News for You yomwe yakhalapo kuyambira mu 1990 ikuseka andale sabata ndi sabata. Pa TV pomwepa ndi pamene khutu lake limaphunzira kuti Chingerezi cha ku Glasgow, cha ku Newcastle ndi cha ku Liverpool sichifanana, ndipo ambiri amayamba ndi kuyatsa mawu olembedwa pansi pa kanema. Amaphunziranso kuti kunena munthu wa ku Scotland kapena ku Wales kuti ndi Mngerezi ndi kuputa mkangano.

TV ndi tiyi zimakumana pa chinthu china chomwe chimaonetsa mmene dziko lonse limachitira zinthu limodzi. Pulogalamu yotchuka ikatha, nyumba mamiliyoni zimayatsa ketulo nthawi imodzi, moti oyang'anira magetsi a dziko amachita kutsatira ndandanda ya mapulogalamu kuti akonzekere. Pa 4 Julayi 1990, England itagonja kwa West Germany pa mapenate mu ndime yachiwiri kwa yomaliza ya World Cup, kufunika kwa magetsi kunakwera ndi mamegawati 2,800 m'mphindi zochepa. Masiku ano anthu ambiri amaonera pa intaneti nthawi yomwe afuna, kotero zoterezi zachepa, koma pa mpira waukulu zimachitikabe.

Pali mbali imodzi yomwe TV singathe kumupatsa, ndiyo ubwana. Mwamuna wake ndi alongo ake akayamba kukumbutsana za mapulogalamu a ana omwe ankaonera ali aang'ono, kapena wina akatchula mawu a sewero lakale onse n'kufa ndi phwete, iye amangomwetulira. Anthu ambiri amati kusungulumwa kwenikweni kumabwera pa nthawi ngati imeneyi, ali pakati pa anthu omukonda.

Miyambo ndiyo yovuta koposa chifukwa palibe amene amainena. Tione pa pub, malo omwera mowa omwe ndi bwalo la mudzi. Mlendo amakhala patebulo kudikira woperekera, ndipo palibe amene amabwera, chifukwa ogula amapita okha pakauntala n'kulipira pomwepo. Pakauntalapo mzere suoneka ndi maso, koma aliyense akudziwa amene anayamba kufika, ndipo wogulitsa akakulozera nthawi yako isanakwane umayenera kuloza mnzako amene anakuyambirira. Pagulu la anzako, mmodzi amagulira onse, kenaka wina, mpaka aliyense atagula. Wa ku America amalandira botolo loyamba ndi lachiwiri akuganiza kuti anthuwa ndi opatsa, n'kutsanzika nthawi yake yogula isanafike. Palibe amene adzamuuze kalikonse, koma onse adzakumbukira. Muyezo nawo ndi wina: pint ya ku Britain ndi mamililita 568, ya kwawo 473. Ndalama yothokoza woperekera, yomwe kwawo ndi pafupifupi 20 pa 100 iliyonse chifukwa malipiro a operekera amadalira pamenepo, pa pub siyembekezeka, ndipo mu lesitilanti imakhala 10 kapena 12.5 pa 100 iliyonse.

Pa kalankhulidwe ndi pamene mabanja amapwetekana osafuna. Ku America mwana amaphunzitsidwa kunena zomwe akufuna mosapsatira, kuyamikira mokweza, ndi kufotokoza zomwe wakwanitsa popanda manyazi. Ku Britain, makamaka ku England, ulemu ndi kuchepetsa zinthu. Chokoma kwambiri amati sichoipa. Wokwiya amapepesa. Wopempha amazungulira. Apongozi akanena kuti mudzabwere tsiku lina tidzadye limodzi, kawirikawiri kumakhala kutsanzika chabe, koma mlendo amatulutsa foni kuti apangane tsiku. Moni wofunsa ngati uli bwino safuna yankho lalitali, ndipo wa ku America poyamba amaganiza kuti akuoneka wodwala. Ndiye pali kuseleulana. Alamu ake akayamba kumuseka poyera za kalankhulidwe kake kapena za ndale za kwawo, iye amapsa mtima, osadziwa kuti kumeneko ndiye kulandiridwa. Amene sanamulandire amamulankhula mwaulemu wokhawokha. Apa mwini dziko ali ndi udindo waukulu womasulira, ndipo mabanja omwe amayenda bwino ndi omwe wa ku Britain uja amazindikira msanga kuti zomwe iye amaona ngati zachidziwikire ziyenera kunenedwa ndi pakamwa.

Za chipembedzo ndi ndalama sizikambidwa pagulu. Pa kalembera wa 2021, anthu 46 pa 100 alionse ku England ndi Wales ndi omwe anati ndi Akhristu, ndipo 37 anati alibe chipembedzo. Wochokera ku Texas kapena ku Georgia, komwe kufunsa munthu kuti amapemphera kuti ndi chiyambi cha macheza, amapeza kuti funsolo limaziziritsa chipinda.

Zina ndi za tsiku ndi tsiku ndipo munthu amazizolowera. Nyumba ndi zazing'ono, makina ochapira ali kukhitchini, m'nyumba zakale mpope wa madzi otentha ndi wa ozizira ndi yosiyana, masitolo aakulu ku England ndi Wales amatsegula maola asanu ndi limodzi okha Lamlungu potsatira lamulo la mu 1994. Laisensi yoyendetsera galimoto ya kwawo imagwira ntchito miyezi 12 yokha ndipo singasinthidwe, kotero munthu woyendetsa zaka makumi awiri amabwerera kwa mphunzitsi, kuphunzira kuyenda kumanzere m'timisewu topapatiza ndi ma roundabout osatha. Mdima wa nyengo yozizira ndi umene ambiri sauyembekezera. London ili kumpoto kuposa mzinda uliwonse wa United States kupatula ya ku Alaska, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.

Komabe pali zinthu zomwe akazilawa safuna kuzisiya. Kupita kwa dokotala kapena kukachira kuchipatala cha NHS, ndondomeko ya zipatala za boma yomwe inayamba mu 1948, n'kutuluka popanda bilu, kwa munthu amene anakulira kuopa mtengo wa ambulansi ndi chinthu chachikulu, ngakhale amadandaula ndi kudikira komanso kuti sangaonane ndi katswiri asanadzere kwa dokotala wa m'dera. Wantchito ali ndi masiku 28 a tchuthi cholipidwa mwalamulo, pamene boma lalikulu la America silinakhazikitse ngakhale tsiku limodzi. Mayi wobereka angakhale pakhomo mpaka masabata 52, ndipo 39 mwa iwo amalandira kenakake, pamene lamulo la kwawo limapereka masabata 12 opanda malipiro. Ndipo makolo ambiri amatchula za mfuti. Ana 16 ndi mphunzitsi wawo ataphedwa pasukulu ya ku Dunblane mu 1996, dziko linaletsa mfuti za m'manja chaka chotsatira, ndipo apolisi ambiri ku England, Scotland ndi Wales amayenda opanda mfuti.

Kalendala ndi imene imakumbutsa mlendo chaka ndi chaka kuti ali kwa eni. Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala kwawo ndi Thanksgiving, tsiku lalikulu la banja, lodya nkhukundembo ndi payi wa maungu. Ku Britain ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse. Ambiri amalisunthira Loweruka, amaitanitsa nkhukundembo kwa wogulitsa nyama amene akudabwa kuti Khirisimasi isanafike akuifuniranji, n'kuyendayenda kufunafuna maungu a m'chitini. Akuluakulu anati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. M'malo mwake amapatsidwa 5 Novembala, usiku wa moto ndi makombola wokumbukira chiwembu cha Guy Fawkes ndi anzake chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo mu 1605. Pa Khirisimasi amavala chisoti chapepala patebulo, 3 koloko masana banja limamvera uthenga wa Mfumu, ndipo mawa lake, pa Boxing Day, kuli tchuthi china chomwe kwawo kulibe. Tsiku la anakubala limabwera kawiri, la ku Britain m'nyengo ya Lenti ndi la ku America mu Meyi, ndipo m'Meyimo m'masitolo mulibe khadi loti atumizire mayi ake.

Zaka zisanu zikakwana pali mayeso otchedwa Life in the UK: mafunso 24 m'mphindi 45, ndipo ayenera kukhoza 18. Amafunsa za mafumu, nkhondo, nyumba ya malamulo ndi masewera, zinthu zomwe mwini dziko m'nyumbamo nthawi zambiri amalephera kuyankha. Akakhoza n'kupatsidwa chilolezo chokhazikika, wokwatirana ndi nzika angapemphe unzika nthawi yomweyo, ndipo pamwambo wake amalonjeza kukhulupirika kwa Mfumu. Kwa ena obadwira m'dziko lomwe linayamba ndi kukana mfumu mu 1776, mawu amenewa amalemera pakamwa. Mayiko onse awiri amalola munthu kukhala ndi mapasipoti awiri.

Koma America simusiya. Ndi limodzi mwa mayiko ochepa kwambiri omwe amalondola nzika zake pa msonkho kulikonse komwe zikukhala, kotero chaka ndi chaka amadzaza mafomu a IRS, bungwe lotolera misonkho la America, ngakhale akulipira kale msonkho ku Britain, ndipo chifukwa cha lamulo la FATCA la mu 2010, lomwe limafuna kuti mabanki akunja azidziwitsa America za akaunti za nzika zake, mabanki ena amachita mphwayi kumutsegulira akaunti zosungira chuma. Udindowu umatsikira kwa ana. Mwana wobadwira ku Manchester amakhala nzika ya America ngati kholo lake linakhalako zaka zisanu, ziwiri mwa izo litapitirira zaka 14 zakubadwa. Mwanayo adzakula akuvala yunifolomu ya sukulu, akulankhula ngati anzake a m'deralo ndi kukonza kalankhulidwe ka mayi ake kapena bambo ake, koma akadzakula adzapeza kuti dziko lomwe amangopitako kukaona agogo likumuwerengera pa msonkho. Zinamuchitikira Boris Johnson, nduna yaikulu yakale ya Britain, yemwe anabadwira ku New York n'kuchokako ali mwana. Atagulitsa nyumba yake ku London, America inamulipiritsa msonkho pa phindu lake, ndipo mu 2016 anasiya unzika wa dzikolo.